Mowa Wosatuluka Pageti

Gulu: Aku Pollet

LOLEMBA

11:52 Staf: [chithunzi]

11:52 Staf: taona bambo ako Veerle. mphuno yonse m'tambula ngati mwagwera dzino lawo

11:54 Veerle: kkkk ankolo asiyeni. muli kuti lero

11:55 Staf: kwa amonke a ku Hazelberg, kumalire a Holland. tanyamuka mbandakucha chfkw cha mowa. madala awiri opuma pantchito, manyazi tilibe

11:58 Remi: [mawu 0:29] Veerle, usawamvere amalume akowa, iwo chilichonse chonyowa amangomeza. Mowa wa kuno ndi wabwino, sindikukana, koma achulutsa shuga. Wofulula akathira shuga wambiri chonchi, dziwa kuti chimera chake sakuchikhulupirira. Koma tchizi ndiye amadziwa kupanga, ndakugulirako.

11:59 Staf: zimenezi anena pamaso pa mmonke wogulitsa. nkhalamba yoyenda ndi ndodo. ndinafuna nthaka indimeze

12:00 Remi: anafunsa yekha

12:06 Veerle: adadi ndili ndi nkhani. ndikuinena pagulu dala kuti ankolo akhale mboni

12:06 Veerle: dzulo ndinali kwa amonke a ku Wulverdal. ndinakamuona Wout

12:07 Staf: eh ali bwj mwana wa mlongo wanga

12:09 Veerle: wanenepako kkk. ndevu zayamba imvi, mkanjo ukumukhala. bulazala Amandus amene amawafululira mowa uja maondo akana, masitepe sakukweranso. ndye nyumba yofululira yonse amusiyira Wout

12:10 Veerle: mowa wake woyamba wofulula yekha autsegula lachisanu, pa tsiku la Benedikito woyera. si wa m'makireti wogulitsa uja ayi. ndi wopepuka uja amamwa amonke okha pa chakudya

12:10 Staf: wosatuluka pageti uja? ine ndimangoumva mbiri

12:12 Veerle: womwewo. mkulu wawo walola mlendo mmodzi adye nawo patebulo. akhale mwamuna, ine kodyera kwawo sangandilowetse. Wout wapereka dzina lanu adadi

12:30 Veerle: adadi

12:33 Staf: awerenga. foni aivundikira patebulo. akuyang'ana ng'ombe za amonke ngati akufuna kugula

13:17 Remi: [mawu 0:58] Mlongo wako ameneyo ndinamuphunzitsa kufulula ndi manja angawa. Sukulu ya mowa ku Gent ndinamutumiza ndine. Fakitale ya agogo ako inkadikira iye, dzina la Pollet pa botolo lililonse. Iye anati Mulungu wamuitana. Chabwino, ndingalimbane ndi Mulungu ine? Ndinagulitsa zonse. Mphika wamkuwa wa bambo anga lero uli pakhomo pa lesitilanti ku Ieper, anadzalamo maluwa, ana amaponyamo timitengo ta ayisikilimu. Ndiye lero ndivale tayi ndikamwe mowa umene akufululira anthu ena? Akafuna ndiulawe atumize botolo. Nyumba sinasamuke.

13:20 Veerle: sutuluka adadi, mukudziwa bwino lomwe. ngakhale abishopu amakamwera komweko

13:21 Veerle: nyumba za amonke mwazungulira zonse, mpaka ku Austria pa basi. yatsala imodzi, ndipo ili pafupi kuposa kwa dokotala wanu wa mano

13:23 Staf: tikamayandikira kumeneko amandiuza ndikhotere ku Poperinge, ati msewu ndi woipa. msewu wosalala ngati tebulo

13:24 Remi: alamu ntchito yanu ndi chiwongolero

LACHIWIRI

07:40 Veerle: mwadzuka bwj adadi. bulazala wa alendo akufuna yankho pofika mawa madzulo

10:15 Veerle: ndaimba kawiri

12:48 Veerle: ok. ndinene zomwe Wout anandiletsa kunena

12:50 Veerle: anati makalata analemba, simunayankhe. pa maliro a amayi anakupatsani dzanja, inu munatembenukira kwa ansembe. anati aka ndi komaliza kupempha. si kukwiya ayi, akungoona ngati amakuvutitsani. mpando umenewo ukakhala wopanda munthu lachisanu, akusiyani mu mtendere mpaka kalekale

12:51 Veerle: ananena akumwetulira koma ine ndinalira mgalimoto. ndatopa kukhala positi ofesi ya anthu awiri osalemberana

14:05 Staf: alamu ali mdimba. ndadutsa, ati akuthirira. payipi ili mmanja koma madzi sanatsegule

14:09 Staf: Veerle mvera. mpando usapite pachabe. ngati bambo ako sakufuna, uwauze amonkewo kuti kubwera Gustaaf Deroo, amalume ake enieni. suti ndili nayo

14:10 Veerle: ankolo si nthawi yocheza

14:11 Staf: sindikucheza. ndikaulawa ndidzawafotokozera alamu mmene ulili. ndidzafotokozanso ku bala kwa Irma. anthu amve kuti mowa wa mwana wa Pollet unalawidwa ndi ine

14:13 Remi: inu

14:13 Remi: munthu amene munamwera mowa wa amonke mkapu ya khofi

14:14 Staf: kapu inali yotsuka

14:15 Remi: mungadziwe chani inu. mungadzangoti unali wozizira

14:16 Staf: ndye pitani nokha katswiri

14:40 Veerle: adadi?

LACHITATU

08:02 Remi: hopu yowawitsira mowa watenga ya kuti

08:05 Veerle: mwadzuka bwj kaye. sindikudziwa

08:06 Remi: madzi ndi a chitsime chawo kapena a mpopi

08:06 Veerle: adadi ine ndimagulitsa mankhwala

08:08 Remi: yisiti akugwiritsabe ya Amandus? imene ija inatopa kalekale

08:09 Veerle: pali munthu mmodzi amene angakuyankheni zonsezi

08:10 Staf: kkkkk

11:34 Remi: [mawu 0:41] Chabwino. Uwauze ndibwera. Koma mumve bwino nonse awiri, ndikupita kukalawa mowa, sindikupita kukaona munthu. Dzina la Pollet likukhudzidwa, ndiye sindingalole kuti liweruzidwe ndi lilime la Staf. Ndipo zimene ndikapeze m'tambulamo ndikanena poyera, mkulu wawo akumva. Ine mowa sindiunamizira, kaya wafulula ndani.

11:35 Veerle: zkm adadi. zkm kwambiri. ndikuimba pompano

11:37 Veerle: koma pali kanthu kamodzi

11:38 Veerle: kodyera kwawo salankhula. ngakhale liwu limodzi. mmodzi amawerenga buku mokweza, ena onse chete mpaka mbale zichotsedwe. mlendo chimodzimodzi

11:38 Staf: kkkkkkkkk

11:39 Staf: Remi Pollet chete chakudya chonse, mowa uli kutsogolo kwake. Ambuye ndinu wabwino

11:40 Remi: mchere ndikaufuna

11:40 Veerle: mumaloza

11:41 Staf: awa anayankhapo ansembe pa ulaliki, pa ukwati wa mlongo wanga. ndinalipo

11:42 Remi: ananena zolakwika za ku Kana. vinyo sasungidwa choncho

11:50 Veerle: ndalankhula nawo. mufike belu la masana lisanalire. foni mumasiya pageti. Wout akhala akuperekera chakudya tsiku limenelo ndye mumuona. mukafuna kucheza naye ndi 3 koloko mchipinda cha alendo, akatha mapemphero

11:52 Remi: za 3 koloko ayi. ndikadya ndikutuluka. zolakwika ndidzakuuza iwe, iwe ukamuuze

11:53 Veerle: positi ofesi yatseka adadi

11:53 Remi: ndye adzamva kwa Staf

LACHISANU

10:51 Staf: tanyamuka. avala suti ya bulawuni ija, ndevu ameta mpaka kudzicheka. ati ndi ulemu kwa mowa

10:52 Veerle: akuoneka bwj

11:06 Staf: ndayima pogula mafuta. chinyamukire sanatukwane dalaivala ngakhale mmodzi. ndikuopa

11:31 Staf: tafika. pali vuto

11:31 Veerle: chani??

11:33 Staf: abwera ndi tambula yawo. aikulunga mthawulo ngati khanda. wa pageti akuti mlendo amamwera zimene amonke amamwera. awa akuti tambula ya eni sadziwa anaitsuka ndi sopo wanji, sopo amapha thovu

11:33 Veerle: mayo ine. apatseni foni

11:34 Staf: akana. akubwerera kugalimoto

11:34 Veerle: ankolo kiyani zitseko plz

11:35 Staf: ndakiya kale. ndili kuseri kwa mtengo

11:36 Veerle: adadi ndikudziwa mukuwerenga. si nkhani ya sopo imeneyi, tonse tikudziwa. mukuchita mantha, palibe cholakwika. Wout nayenso sanagone. mwafika kale pakhomo, chonde musandichititse kuti ndikamuuze kuti munabwerera chfkw cha tambula

11:44 Veerle: ankolo chikuchitika nchani

11:47 Staf: aima pakati pa galimoto ndi geti. wa pageti uja wangoima naye, manja mmikono ya mkanjo. amonke kudikira amakutha

11:52 Staf: belu layamba

11:54 Staf: andipatsa tambula. ati ndikaiswa andipha. foni apereka. alowa

11:54 Veerle: Ambuye zikomo

11:56 Staf: ine ndawoloka msewu, ndili pa bala yoyang'anana ndi geti. ndaitanitsa wa amonke wogulitsa uja ndi buledi wa tchizi. ndikumwera mtambula ya alamu kkk

11:57 Veerle: ankolo mudzafa imfa yoipa

12:26 Veerle: palibe phokoso?

12:27 Staf: zii. palibe mmonke wathawa, palibe zenera lasweka

12:28 Veerle: ndapatsa mayi wina mankhwala a chifuwa mmalo mwa a mmaso, mwayi ndazindikira asanatuluke. mutu suli pano

12:55 Veerle: bwj

12:56 Staf: geti lotseka

13:14 Staf: atuluka

13:14 Veerle: nkhope ili bwj

13:16 Staf: sindinaione. foni atenga, ine sanandiyang'ane. adutsa galimoto, akutsata mpanda kulowera kumunda wa hopu

13:16 Veerle: adadi zayenda bwj

13:19 Veerle: adadi

13:22 Staf: akhala pa benchi pansi pa mpanda. ndapita, andiuza ndi dzanja kuti ndichoke. akumina. ati ndi mungu

13:23 Veerle: akangana?

13:23 Staf: akangana bwj osalankhula

13:24 Veerle: awiri amenewo angathe

13:31 Veerle: adadi ngakhale liwu limodzi. wabwino kapena woipa

13:46 Remi: [mawu 1:34] Veerle. Ndili bwino, usavutike. Anandikhazika kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi Amandus. Supu, mbatata, tchizi, basi. Wina ali pamwamba apo akuwerenga za bishopu wina wakalekale, sindinamve kanthu. Kenako ndikuona Wout akubwera ndi jagi yadothi, epuloni pamwamba pa mkanjo, akuthirira mmodzimmodzi. Atafika pa ine anapendeketsa tambula mmene ndinamuphunzitsira, n'kuiwongola kumapeto kuti thovu likwere. Sanandiyang'ane, inenso ndinayang'ana tambula. Mtundu wake ngati udzu wouma. Thovu linaima nji, za sopo zija ndinawalakwira. Ndinanunkhiza, fungo la buledi wongophula kumene, kumbuyo kwake hopu ya kwathu konkuno, sanapite kutali. Ndiye ndinamwa. Iwe sudziwa za mowa, koma mvera. Mowa waukali aliyense angafulule, ukalakwitsa umabisa mu shuga ndi mu ukali. Wopepuka ulibe pobisala, uli ngati munthu wosavala. Ndiye ine ndinayamba kusaka. Ndinasaka kutsogolo kwa lilime, ndinasaka kukhosi, ndinadikira utenthe pang'ono kuti uulule. Ndikuti ndione pansi, tambula yatha, ndilibe choti ndikupatse ukamuuze.

13:48 Veerle: adadi ndikulira pa kauntala

13:48 Staf: dikira kukubwera ina, akujambulabe

13:52 Remi: [mawu 1:51] Ndiye apa ndi pamene ndinachita zopusa. Mawu anadzaza mkamwamu, amafuna kutuluka, ndinachita kuluma lilime. Ndinene bwanji? Ndinangochita zimene munthu amachita pa bala. Ndinakweza tambula m'mwamba, kumuonetsa kuti ina. Kani kumeneko ndi imodzi basi, jagi amaiyeza kuti ikwane anthu alipowo, palibe yachiwiri ngakhale kwa mkulu wawo. Amandus anandigwira mkono n'kundionetsa chala chimodzi. Mitu yonse inatembenuka. Wowerenga uja anaphonya mzere. Wout anatembenuza jagi kundionetsa kuti mulibe kanthu. Ine dzanja lili m'mwamba ngati mwana wa sukulu, kulitsitsa manyazi, kulisiya manyazi. Ndiye iye anapita kumalo kwake. Operekera amadya pambuyo, tambula yake inali pamenepo yodzaza, ikumudikira. Mowa wake woyamba, pa tsiku lake. Anainyamula n'kudzaiika patsogolo panga, n'kutenga yanga yopanda kanthu ija kukadzithirira madzi. Mkulu wawo anaona zonse, anangoweramira mu supu, ndikukhulupirira amaseka. Yachiwiriyo sindinailawe, Veerle. Ndinangomwa. Sindikumbuka tsiku limene ndinamwa mowa osaufufuza.

13:54 Staf: ndye mwapita kwa eni, mwaphwanya lamulo, mwamwera mwana mowa wake. mlendo wa mtundu wanji inu

13:55 Remi: khalani chete alamu

13:55 Staf: ine ndikhale chete? lero dziko latembenuka

13:56 Veerle: anakuyang'anani?

13:58 Remi: poika tambula. pang'ono

13:58 Remi: maso ndi a mayi ako

14:03 Remi: [mawu 0:47] Ndinene izi kamodzi, ndipo Staf mukazinene kwa Irma mmene ndanenera, osachotsa. Mowa umenewu ine sindinafululepo. Bambo anga sanafululepo. Dzanja ndi la kwathu, ndalimva, koma watidutsa tonse. Ndayenda mpaka ku Austria kusaka chinthu chimenechi. Ndipo akumwa ndi madala ovala mikanjo, ndi mbatata, ngati ndi madzi, dziko osadziwa kanthu. Palibe botolo, palibe dzina. Koma ndi wa Pollet. Wafulula ndi mwana wanga.

14:04 Veerle: uthenga umenewu ndiusunga mpaka kufa

14:05 Veerle: koma si ine woyenera kuumva adadi

14:20 Staf: alamu tizipita? kukutentha, tchizi ya Veerle ya ku Hazelberg ija taitenga, ili mgalimoto

14:33 Staf: alamu

14:41 Remi: pitani. ndikwera basi

14:41 Veerle: ??

14:43 Remi: pali chinthu chimodzi pa mowa uja. ndikufuna amve kwa ine

14:43 Veerle: adadi chonde. lero lokha. mwanena nokha kuti mulibe cholakwika

14:45 Remi: si cholakwika. kuwawa kwa kumapeto kuja kumabwera n'kuchoka osasiya kanthu kukhosi. ine moyo wanga wonse kumandikanirira. ndikufuna ndimufunse wachita bwanji

14:46 Staf: Veerle jambula screen. bambo ako akukafunsa

14:47 Remi: inu musaswe tambula yanga

14:48 Staf: ili bwino. ndaiyesa kale, imagwira ntchito

14:52 Remi: belu likulira. foni ndikubweza pageti

14:53 Veerle: kumeneko amamutcha bulazala Bavo. mwina mumutchule choncho, angasangalale

14:53 Veerle: kapena Wout basi. mmene mungathere

14:54 Veerle: mumuuze ndamupatsa moni

14:58 Veerle: ankolo mwapita?

14:59 Staf: ndipite kuti. ndaitanitsa khofi

15:06 Staf: geti latseguka. Wout wabwera yekha kudzawatenga, epuloni ikadali mchiuno

15:06 Veerle: akumbatirana?

15:07 Staf: aku Pollet? ayi. agwirana chanza ngati anthu ogulitsana ng'ombe. koma sakusiyana msanga

15:08 Veerle: kenako

15:10 Staf: chipinda cha alendo achidutsa, akhotera kofululira. ndaona geti lisanatsekedwe

15:10 Staf: Wout ndi amene akulankhula. bambo ako akumvetsera